Mutu wa Louis XIV ukukana kuoneka ngati wa mfumu

Woumba wa ku Dedza:
Akuluakulu, ndithandizeni. Aphunzitsi a mbiri yakale andipatsa ntchito youmba mutu ndi chifuwa cha Louis XIV, mfumu yakale ya ku France, kutengera chiboliboli chimene Bernini, mmisiri wosema wa ku Italy, anasema m'chaka cha 1665, chomwe chili kunyumba yachifumu ya Versailles. Akufuna ana aone ndi maso momwe mafumu a ku France ankadzikwezera. Ndaumba kawiri. Nkhope yafanana, mphuno ndi yomweyo, koma munthuyo akuoneka ngati malume wanga akudikira basi. Komanso nsalu yapachifuwa yasweka m'ng'anjo maulendo onse awiri. Dongo langa likutha.

Mphunzitsi wa zojambula:
Achimwene, mutu mwauyang'anitsa kuti?

Woumba wa ku Dedza:
Kutsogolo amayi, ngati chithunzi cha pachitupa.

Mphunzitsi wa zojambula:
Vuto ndi limenelo. Onaninso bwino. Mapewa alunjika kwa inu, koma nkhope yatembenukira kumbali, maso apenya kutali pamwamba pa mitu ya anthu. Mfumuyo inali isanakwane zaka 30, itangoyamba kulamula yokha mu 1661 nduna yake yaikulu Mazarin atamwalira, ndipo inkafuna aliyense adziwe kuti palibenso nduna pamwamba pake. Bernini sanangoikhazika pampando. Ankaijambula ikuyenda, ikulankhula ndi nduna zake, kuti agwire moyo wa munthuyo. Tsitsi analikweza kuti mphumi ioneke, ndipo anthu a nthawiyo ankaifanizira ndi Alexander Wamkulu. Inu mwaumba khungu lokha. Potozani khosi, kwezani chibwano pang'ono, tsitsi lichuluke ligwere pamapewa. Ndipo anawo akamaonera, chiikidwe pamalo okwera kuti aziyang'ana m'mwamba.

Madala osema mitengo:
Amayi anena zoona. Ine ndionjeze za nsalu, mwana wanga. Nsalu ija ikuuluka ngati mphepo yaiomba, ndiyo ikubisa podulidwa mikono, munthu n'kuoneka ngati wayandama. Pamwala wa mabo zimatheka. Padongo, mbali yopyapyala imauma msanga, chifuwa chidakali chonyowa, ndiye ming'alu imayamba musanayatse n'komwe moto. Sinjani mapale akale musakanize m'dongo. Mutu muudule ndi waya, mukombe m'kati kutsale khoma lochindikala ngati chala chachikulu, mumatenso, musiye kabowo kotulukira mpweya. Nsonga za nsalu muzikulunge ndi pepala la pulasitiki, ziume pamodzi ndi thupi, pamthunzi, masabata atatu. Musathamange.

Woumba wa ku Dedza:
Madala, kukomba m'kati sindinachite. Ndinaotcha chonse chili gwa.

Mphunzitsi wa zojambula:
Dongo likatsala, muumbenso kamutu ka Napoleon, amene anadzalamulira France pambuyo pake, kuti ana ayerekeze. Iye sanabadwire m'banja lachifumu, ndiye anabwereka ulemu wa Roma: tsitsi lalifupi, khosi losavala, nthawi zina nkhata ya masamba kumutu ngati Kaisara. Mitu ya Napoleon imene Chaudet, wosema wa ku France, anapanga inachulukitsidwa ku fakitale youmba ya Sèvres ku France ndi ku Carrara, kumene kumakumbidwa mwala wa mabo ku Italy, n'kufalikira m'nyumba za boma. Mutu umenewo ulibe nsalu youluka, suvuta kuumba.

Woumba wa ku Dedza:
Zikomo makolo anga. Mapale ndawapeza kwa apongozi, ndiyamba kusinja m'mawa. Khosi ndalipotoza kale pa mutu wachitatu, ndipo mkazi wanga atalowa m'chisakasa anaima kaye pakhomo asanalankhule.