Njira ya njinga m'phiri la Dedza: tiyeni tikambirane tisanalembe kalata

Mlembi: Moni nonse akwathu. Monga tinapangana ku komiti, ndikuika pano ganizo la achinyamata athu kuti aliyense alankhulepo tisanalembere a Zankhalango. Akuti misewu yakale ya m'nkhalango ya phiri la Dedza, ija munkadutsa malole okatenga mitengo ya paini, tiikonze ikhale ya njinga zakapalasa zokhazokha, osalowamo galimoto kapena njinga yamoto. Ndalama zoyambira zichoke m'thumba lathu la chitukuko. Achimwene a Mbewe, nkhaniyi mwabwera nayo ndinu, ilongosoleni kuti tonse timve.

A Mbewe (Lilongwe): Zikomo a Mlembi. Kuno ku Lilongwe anthu opalasa njinga Loweruka m'mawa achuluka, Amalawi anzathu komanso alendo ogwira ntchito m'mabungwe. Dandaulo lawo ndi M1. Msewu ndi wopapatiza, m'mbali munadyeka, lole ikamakudutsa mphepo yake yokha imakukankhira kutchire. Akufuna malo oti azipalasa mtima uli m'malo. Njinga zawo amazitcha gravel bike, zimaoneka ngati za mpikisano koma matayala ake ndi onenepa, pafupifupi mamilimita 40, anapangira msewu wafumbi ndi wa timiyala. Tala sakuifuna n'komwe. Kwathu ku Dedza ndi makilomita 85 okha kuchokera ku Lilongwe. Tauni yathu ili pa mamita pafupifupi 1,600, nsonga ya phiri ili pa 2,198, ndiye munthu amakwera mamita ngati 600 ndi miyendo yake mumthunzi wa mapaini, kenako n'kutsetsereka. Akafika pansi njala yamugwira, afuna tchipisi cha kachewere wathu, tiyi, ena pogona. Panopa amangoima ku Dedza Pottery, kumwa khofi, n'kubwerera. Tiwapatse chifukwa chogonera kwathu.

Anaphiri (Bembeke): Achimwene, mwafotokoza bwino, koma ndifunse. Mukati njira ya njinga zokhazokha, amayi otola nkhuni mwawaika pati? Misewu imeneyo siinafe ayi. M'mawa uliwonse amayi amatsika nayo atasenza mitolo yaitali kuposa msinkhu wawo, wina mwana ali kumsana. Munthu wosenza mtolo wotero satembenuka msanga, amayamba waima, n'kuzungulira thupi lonse. Ndiye patsetse potero patulukire njinga ili paliwiro, m'nkhungu ya mwezi wa June ija yoti suona ngakhale mtengo uli patsogolo pako. Akagundana, wolakwa adzakhala ndani? Ine ndikuopa kuti ngozi ikadzachitika kamodzi, odzauzidwa kuti asamadutsenso ndi amayiwo, chifukwa mlendo walipira pageti.

A Mbewe (Lilongwe): Alongo anga, sitikuletsa oyenda pansi. Tikuletsa za injini basi.

Anaphiri (Bembeke): Ndiye zilembedwe choncho m'kalatamo, m'mawu omveka. Zapakamwa zimaiwalika geti likaima.

Bambo a Takondwa (Dedza boma): Ine ndilankhulireko anzanga a kabaza. Poyamba nditamva zoti njinga zamoto zisalowe ndinakhumudwa, chifukwa alendo ofuna kukaona kumwamba timawakweza ndife. Koma ngati msewu waukulu wopita ku nsanja za mafoni ukhala wotsegula monga kale, palibe chotipweteka. Umenewo sungatsekedwe, okonza nsanja amakwera pagalimoto. Chimene ndikupempha n'chakuti operekeza alendo ndi okonza njinga akhale ana a konkuno. Anyamata a pansi pa mtengo pamsika paja amamanga sipoko, amamata machubu tsiku lonse. Awaphunzitse za magiya ndi mabuleki a njinga zatsopanozi, asamabwere ndi amakaniko awo kuchokera m'tauni.

Msungichuma: Akuluakulu, ine ndikumbutseko za thumba. Mjigo umene tinalonjeza kusukulu kuja sitinamalize, ndipo zopereka za miyezi yapitayi ambiri simunatumize. Anthu akumudzi akamva kuti tasiya madzi a ana n'kukakonza posewerera anthu a ku Lilongwe, tidzawayankha chiyani? Sindikukana ganizoli. Ndikukana kuti lidye ndalama ya mjigo.

Amalume a Phiri (Linthipe): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinakalambira m'ntchito ya nkhalango, ndiye ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Choyamba, ana anga, mdani wa msewu wa m'phiri ndi madzi. Kale mvula isanayambe tinkayenda ndi makasu ndi mafosholo kutsegula ngalande ndi makalavati onse. Pamtsetse tinkadula timigula topingasa kuti madzi asathamange mtunda wautali mumsewu, apatukire kutchire akadali ochepa. Mukapita lero mukapeza makalavati atatsekeka ndi dothi ndi masamba a paini, madzi anasiya ngalande n'kudzikumbira njira pakati penipeni, malo ena chigwembe chofika m'mawondo. Tayala la njinga likalowa mmenemo munthu amaulukira kutsogolo. Ntchito imeneyi siifuna girediya, imafuna anthu, koma ndi ya chaka ndi chaka. Mukakonza kamodzi n'kujambulitsa zithunzi, mvula ya January idzafafaniza zonse.

Chachiwiri ndi moto. Kuyambira September mpaka mvula itagwa, pansi pa mapaini pamakhala pouma gwa, kanthu kakang'ono moto wabuka. Osaka mbewa ndi akalulu, otentha makala, ngakhale chotsalira cha ndudu. Apa ndiye pamene ganizo la a Mbewe likundikomera. Msewu wolambulidwa bwino umatchinga moto, ndiponso ozimitsa amafika msanga. Komanso njira imene mukudutsa anthu tsiku ndi tsiku, wocheka matabwa mozemba samasuka nayo. Nkhalango yathuyi yatha chifukwa munalibe maso.

Chachitatu, malowa ndi a boma. Lamulo la nkhalango la 1997, limene analikhwimitsa mu 2020, sililola kuti munthu angolowa m'nkhalango yotetezedwa n'kuyamba kukumba kapena kulipiritsa anthu. Koma lamulo lomwelo limapereka mpata woti midzi yozungulira igwirizane ndi a Zankhalango posamalira nkhalango, kudzera m'makomiti a zachilengedwe a m'midzi. Khomo lolowera ndi limenelo. Ife a m'tauni tisatsogole, titsatire pambuyo pa makomitiwo ndi mafumu. Ndipo amayi amene Anaphiri akunenawo ndi amene akudziwa pamene pamaterera, pamene pamatuluka kasupe, pamene moto umayambira kawirikawiri. Ganyu yotsegula ngalande ikhale yawo, malipiro achoke pa ndalama ya pageti.

Anaphiri (Bembeke): Amalume, apo ndiye mwandifika pamtima. Zikatero mayi sadzaona njinga ngati mdani.

Anabanda (Johannesburg): Moni kwathu. Ine ndili mbali ya a Mbewe. Kuno anthu amalipira kuti alowe m'mafamu ndi m'nkhalango kukapalasa, ndipo amabwera ndi mabanja awo. Ife tili ndi chinthu chimene iwo alibe. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni zinalowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 2006, malo 127, koma ndi angati a ife amene tinapitako ndi ana athu? Bwanji njirayo isathere m'phiri la Dedza mokha, idzapitirire m'misewu ya m'midzi mpaka ku Chentcherere ndi ku Mphunzi? Sukulu ya zankhalango ilinso komweko, ophunzira ake angatithandize kuyeza njira.

Agogo a Mwale (Chongoni): Mwana wanga Nabanda, walira mvula walira matope. Zojambula zofiira zija ndi za Akafula, zoyera zija ndi za makolo athu Achewa, zina za chinamwali, zina za Gule. Si zokongoletsa chabe ayi. Malo ena mpaka lero ndi a mwambo, ndipo kufupi ndi manda ndi kudambwe mlendo sangangodutsa chifukwa foni yamuuza kuti njira ndi imeneyi. Kale ena analembapo maina awo ndi makala pamwamba pa zojambulazo, ndinaona ndi maso anga, mtima unandiwawa. Ngati alendo abwere, njinga azisiye kumunsi, akwere wapansi ndi wowaperekeza wa m'mudzimo. Ndipo mafumu ayambe amva, asadzangoona zikwangwani zitazikidwa.

Anabanda (Johannesburg): Ndamva agogo. Za Chongoni zidikire kaye mpaka mafumu atalankhula.

A Mbewe (Lilongwe): Pa za ngozi, tingachite chonchi. Njinga zizizungulira mbali imodzi yokha, kuti aliyense adziwe kumene zikuchokera. Njinga iliyonse ikhale ndi belu, wopalasa avale helimeti, ndipo woyenda pansi ndiye mwini njira, wanjinga aime. Pamene amayi amadutsa kwambiri tiikepo zipilala zamitengo zokhotetsa njira kuti munthu achepetse liwiro afune asafune. Pa za ndalama, a Msungichuma akunena zoona. Ine ndikalankhula ndi anzanga opalasa kuno, makasu ndi mawilibala oyambira agule ndi iwowo.

Msungichuma: Zikatero ndilibe mawu. Koma ndalama ya pageti isadzasungidwe m'thumba la munthu. Pakhale akaunti yosainira anthu atatu, mmodzi wa kumudzi, ndipo malisiti aziikidwa pano mwezi uliwonse.

Bambo a Takondwa (Dedza boma): Nanga munthu akathyoka mwendo kumtunda kuja, galimoto ndi yoletsedwa, timutsitsa bwanji?

Amalume a Phiri (Linthipe): Geti likhale la loko, kiyi wina kwa mlonda, wina ku ofesi ya Zankhalango. Ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto zizilowa. N'chifukwa chake ndikuti msewu usachepetsedwe, ukhale mulifupi mwake mwakale.

Wapampando: Zikomo nonse. Kalata sitilemba sabata ino. Ndalama ya mjigo siikhudzidwa. Loweruka likubwerali amene tili pafupi tikumane pamsika 7 koloko m'mawa, tikayende wapansi njira yonseyo ndi amalume a Phiri, tiwerenge makalavati otsekeka ndi malo okumbika. Anaphiri, mutipezereko amayi awiri kapena atatu otola nkhuni tiyende nawo. A Mlembi, mukadziwitse a gulupu ndi a ku ofesi ya Zankhalango mawa lomwe kuti tikalowe ndi chilolezo.

Anaphiri (Bembeke): Ndiwauza, koma 7 koloko amakhala ali kale m'phiri. Tikawapeze konko, ndipo tsiku lawo likatayika tiwapatseko kangachepe.

Wapampando: Chabwino. A Msungichuma, konzani za amayiwo kuchokera pa ndalama ya maulendo a komiti.