Gulu la Banja: Za Chiliza cha Agogo aNaphiri

Lachisanu

Malume (Bulawayo), 19:04
Mwaswera bwanji nonse. Ndabweranso ndi nkhani ija ya chiliza cha amayi. Anatisiya mu 2016, mpaka lero pamanda pali mtumbira wadothi basi. Ndamva kuti madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022 anakokolola mbali ina, ndipo kachikwangwani ka dzina kaja kanapita. Ulendo uno tisazengereze.

Amayi (Chikwawa), 19:21
Taswera bwino achimwene. Zoonadi. Mkulu wa adzukulu anandiuza kuti tsiku limene iyeyo adzatsikire kuli chete, palibenso angadzaloze bwino pamene anagona amayi. Ine manyazi anandigwira.

Achemwali (Winnipeg), 19:33
Malume, ndili pa nkhomaliro, ndilemba mwachangu. Ine ndikugwirizana nazo, koma ndili ndi pempho. Kuno ku tchalitchi cha Mennonite kumene ndimapemphera, Lamlungu lomaliza Adventi isanayambe, chakumapeto kwa Novembala, amakumbukira onse a mumpingo amene amwalira m'chakacho. Amawerenga dzina, wachibale amapita kutsogolo kukayatsa kandulo, ndipo amanena mawu pang'ono za moyo wa malemuyo. Chaka chatha anatchula gogo wina amene anafika kuno nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, atathawa ku Ukraine ali mtsikana. Mwana wake sananene za sukulu kapena nyumba. Anangoti amayi ankasoka mabulangete a anthu othawa kwawo mpaka maso atasiya kuona bowo la singano. Ine ndinalira poganiza agogo. Bwanji ifenso tisachite chotero, tsiku lomwelo?

Msuweni (Bulawayo), 19:36
Msuweni wanga chisanu chakuiwalitsa kwanu. Novembala ku Chikwawa kandulo imasungunuka isanayatsidwe 😂

Amayi aang'ono (Ndirande), 19:40
Makandulo pamanda? Amayi akanatifunsa kuti tinalowa liti Chikatolika. Aneba anga ndi amene amapita kumanda mu Novembala ndi ansembe. Ife sitipempherera akufa.

Achemwali (Winnipeg), 19:42
Amayi aang'ono, iwonso sapempherera akufa ayi. Amangothokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa munthuyo. Makandulo tikhoza kuwasiya, ine changa ndi mayina ndi mbiri.

Amayi (Chikwawa), 19:55
Za Novembala iwalani mwanawe. Anthu amakhala kumunda, nkhokwe zili mbee, dzuwa likuswa mtengo. Mvula ikagwa kamsewu kakumudzi kuno ngakhale njinga yamoto siidutsa. Ziliza timavundukula tikakolola.

Malume (Bulawayo), 20:10
Ndiye Ogasiti. Kuno Lolemba lachiwiri la Ogasiti ndi Lachiwiri lake ndi masiku atchuthi, ndikhoza kuwonjezerapo masiku angapo. Basi ya ku Harare, kenako Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, ndafika. Ana asukulu kwanuko amakhalanso ali patchuthi.

Ine (Zomba), 20:14
Malume, poti pulogalamu mwandipatsa ine, ndifunse ndisanalembe zolakwika. Agogo anali a Mennonite kapena a Abale mwa Khristu? Achemwali akunena china, pa khadi la ubatizo palembedwa china.

Malume (Bulawayo), 20:41
Lemba Brethren in Christ, kwanuko Mpingo wa Abale mwa Khristu. Ndi mipingo iwiri koma ya mbumba imodzi. Wathu unayambira ku Pennsylvania m'mbali mwa mtsinje wa Susquehanna cha m'ma 1780, ndipo ambiri mwa oyambitsa anali ochokera kwa a Mennonite. Kuno unafika mu 1898 pamene Jesse Engle ndi anzake anatsegula Matopo Mission. Mu 1906 kunabwera Mtshabezi, ndipo chaka chomwecho mayi Frances Davidson anawoloka Zambezi kukayamba Macha ku Zambia. Tonse timakumana mu Mennonite World Conference, moti bishopu wathu Danisa Ndlovu anatsogolera bungweli kuyambira 2009 mpaka 2015. Ndiye mlongo wakoyo sanasochere ayi, ali pakhomo pa asuweni.

Msuweni (Bulawayo), 20:43
Bambo akayamba mbiri ya mpingo nsima imazizira.

Malume aang'ono (Joni), 22:18
Pepani ndangoweruka kumene. Ndawerenga zonse. Ine maganizo anga mwala ukhale wa granite wakuda, wokhala ndi chithunzi, anthu aone kuti aNaphiri anabereka. Ndaika R3,000 poyambira.

Loweruka

Amayi (Chikwawa), 05:47
Mwadzuka bwanji. Ine sindinagone. Achimwene a ku Joni, zikomo chifukwa cha ndalama, koma taganizani munthu wake. Amayi anakana ndolo moyo wawo wonse. Diresi munawatumizira lija lonyezimira anakalipereka kwa mwana wamasiye kuti akwatire nalo. Munthu wa duku loyera ndi nsapato zapulasitiki timuikire chithunzi pamwala ngati nduna?

Ndiye pali china. Amayi atabwerera kuno mu 2008, ndalama za ku Zimbabwe zitasanduka mapepala, sanali okha. Ankapemphera pansi pa mtondo ndi amayi ena ndi abambo awiri, tchalitchi chaudzu chija chisanamangidwe. Ambiri a iwo anapita. Ana awo alibe wa ku Joni kapena ku Canada, ziliza sadzaziona. Mmodzi ndi uja anawasambitsa amayi miyezi yonse ya matenda ine ndili kuchipatala ndi mwendo. Wina anapita ndi madzi, thupi silinapezeke, alibe ndi manda omwe. Ngati tikuwerenga mayina monga wanenera mwanayu, awerengedwe onse. Apo ayi ine dzina la amayi lokha sindiimirira nalo pamaso pa anthu amenewa.

Achemwali (Winnipeg), 06:02
Amayi 😭 ndi zomwezo ndimafuna kunena koma sindimadziwa kuti alipo ambiri chonchi.

Malume aang'ono (Joni), 06:30
Achemwali ndamva, sindikukana. Koma tinene zoona, mukatchula dzina la munthu ndiye kuti mwaitana mbumba yake yonse. Mbuzi imodzi sikwana pamenepo.

Amayi aang'ono (Ndirande), 06:44
Ndiye mwala uchepe, mphika ukule. Amisiri a ziliza aliko ambiri kuno ku Blantyre, cha simenti ndi timiyala topera bwino chimakhala zaka. Yotsalayo igule chimanga ndi mbuzi yachiwiri. Inu simukumbukira 2003?

Ine (Zomba), 06:46
2003 kunali chiyani? Ine ndinali ndisanayambe sukulu.

Amayi aang'ono (Ndirande), 07:09
Msonkhano waukulu wa a Mennonite a dziko lonse unachitikira ku Bulawayo mu Ogasiti, pa bwalo la Trade Fair. Anthu masauzande, ochokera ku Congo, India, Paraguay, America, konsekonse. Nthawi imeneyo mafuta agalimoto kulibe, ufa wovuta, ndalama kubanki mzere wake kuyambira mbandakucha. Ambiri ankati zilephereka. Amayi a mumpingo ndi amene anaphika, pa nkhuni, m'miphika ikuluikulu yachitsulo, mthiko wake wogwira ndi manja awiri. Agogo ako anali momwemo sabata yonse. Ine ndinkapita nawo kukasenda anyezi. Tsiku lina ndinawauza kuti amayi tiyeni tikalowe timveko kwaya, iwo akupukuta misozi ya utsi ndi nsonga ya chitenje, anati, "Nyimbo zikundipeza konkuno, iwe sonkheza moto." M'holo sanalowemo mpaka Lamlungu lotsekera.

Ine (Zomba), 07:11
Iyi ndailemba kale. Ina?

Malume (Bulawayo), 08:25
Lembanso za ubatizo. Amayi anabatizidwa ali khanda ku mpingo wa makolo awo. Atafika kuno kutsatira bambo, anaphunzira kalasi, napempha kubatizidwa ndi pakamwa pawo. Anagwada m'madzi, abusa anawamiza katatu chakutsogolo monga timachitira. Kalata itafika kumudzi, amalume awo anakwiya kwambiri, akuti wanyoza ubatizo wa makolo. Zaka zambiri sanalemberane. Amayi sanabwezepo mawu, koma Khirisimasi iliyonse ankatumiza shuga ndi nsalu kudzera kwa anthu opita kumudzi, mpaka mkuluyo anafewa yekha.

Achemwali (Winnipeg), 08:40
Malume, nkhani imeneyi ndi ya pachiyambi penipeni pa a Mennonite. Pa 21 Januwale 1525 ku Zurich, Conrad Grebel anabatiza George Blaurock m'nyumba, onse ali akuluakulu obatizidwa kale ali makanda. Boma linaletsa, ndipo mu Januwale 1527 anamiza mnzawo Felix Manz mu mtsinje wa Limmat. Mu Meyi 2025 anthu anasonkhana ku Zurich komweko kukumbukira zaka 500. Nanga za agogo aamuna ndi wakuba njinga uja? Ine nthawi zonse imandikumbutsa Dirk Willems wa ku Holland, amene mu 1569 akuthawa m'ndende anabwerera kukavuula womuthamangitsa atagwera m'madzi oundana, kenako Dirkyo anagwidwa n'kutenthedwa.

Malume (Bulawayo), 09:02
Zinachitikadi ku Mpopoma, kuno ku Bulawayo. Mnyamata anaba njinga ya bambo, imene ankapitira kuntchito ku njanji. Anthu anamugwira, ena atatola kale njerwa. Bambo anafika n'kumukhalira pamsana mnyamatayo, nati amene akufuna kugenda ayambe ine, njingayo ndi yanga. Anthu anabalalika akutukwana. Mnyamatayo anagona kwathu usiku umenewo, pa mphasa imodzi ndi ine. Ndinagona ndi diso limodzi.

Amayi aang'ono (Ndirande), 09:15
Lembani, koma musawasandutse mngelo bambo. Munthu yemweyo anandiletsa kupita ku sekondale akuti mtsikana akwatiwa. Mtendere wa pamsewu unali wambiri, m'nyumba tinkayenda chonyang'ama. Anadzandipepesa ali pa bedi mu 1994, ine ndili ndi ana awiri kale. Ndinawakhululukira, koma sukuluyo sinabwerere.

Malume (Bulawayo), 09:31
Mlongo wanga, sindikutsutsa. Ine ndinaphunzira, iwe unatsala. Ukufuna zilembedwe?

Amayi aang'ono (Ndirande), 09:48
Papepala ayi. Ndidzanena ndekha tsikulo, ndi kupepesa kwawo komwe. Adzukulu aakaziwa amve.

Malume aang'ono (Joni), 10:05
Chabwino, granite ndasiya. R3,000 ikhale momwemo, igwire zimene mwagwirizana. Koma dzina la bambo lilembedwe pamwalapo pamodzi ndi la amayi. Ku manda a ku Luveve ku Bulawayo kumene anagona ndani wa ife amapitako kupatula achimwene?

Amayi (Chikwawa), 10:40
Zimenezo amfumu sangalole, dzina la munthu pamanda pamene palibe thupi lake, komanso mkamwini. Dzina la bambo lidzawerengedwa pakamwa, loyamba. Kwa amfumu ndipita ndekha Lachitatu ndi nkhuku kukapempha njira ya kumanda, amisiri asadzangolowa ngati kumsika.

Malume aang'ono (Joni), 10:44
Nanga adzukulu? Tisanamizane, akalambula manda amayembekezera kakumwa.

Amayi (Chikwawa), 10:46
Thobwa. Migolo iwiri, lamapira. Pa mwambo wa amayi mowa sufika. Amene ali ndi ludzu lina akalithetse kwawo.

Msuweni (Bulawayo), 10:47
Azakhali atseka nkhani 😂 Bambo aang'ono mudzamwa thobwa ndi chikho chachikulu.

Ine (Zomba), 11:20
Ndiye zili motere, mundikonze. Loweruka loyandikana ndi tchuthi cha Malume mu Ogasiti. M'mawa kuvundukula chiliza, achibale ndi amfumu. Kenako ku tchalitchi, kuwerenga mayina, banja lililonse mphindi zochepa. Vesi ya pamwala sitinasankhe. Malume anati Chivumbulutso 14:13, achemwali anandilembera kumbali kuti Mateyu 5:9.

Amayi (Chikwawa), 11:34
Mateyu 5:9 ndi ya bambo imeneyo. Ya amayi ndi Yohane 13, pamene Ambuye akusambitsa mapazi. Tsiku la mgonero amayi ankathamangira beseni, ndipo ankasankha dala mapazi a munthu amene anayambana naye. Ikani Yohane 13:15, nambala yokha, mawu ambiri amadula.

Malume (Bulawayo), 11:50
Yohane 13:15 yadutsa. Abusa ndiwaimbira ndine, koma mayendedwe awo kuchokera ku Blantyre ndi athu. Ine ndi ana kuno tiika 150 dollars, titumiza pa Mukuru mwezi ukatha.

Achemwali (Winnipeg), 14:05
Ndadzuka tsopano. Simenti ndi mmisiri ndi zanga, amayi aang'ono mundiuze mtengo mukafunsa malo awiri atatu. Kubwera sindikwanitsa, tchuthi ndinatha. Wina adzandigwirire foni. Ndipo mayina onsewo munditumizire, ndikapempha abusa kuno ngati angalole kuti ndidzawatchule mu Novembala.

Amayi aang'ono (Ndirande), 14:22
Ndalama zonse zibwere pa Airtel Money yanga, ndizilemba pano aliyense aone. Ine ndatenga mpunga, mafuta ndi mchere. Ana a malemu achemwali ku Lilongwe ali pagulu pano koma ali zii kuyambira dzulo. Tikukuonani kuti mwawerenga.

Amayi (Chikwawa), 16:58
Ndachokera kwa mlembi wa mpingo. Kaundula wakale ananyowa ndi madzi aja, masamba ena anamatana. Tapeza mayina 9, koma ine ndikukumbuka 11. Awiriwo tinkangowaitana ndi mfunda. Mawa tikaweruka ndikafunsa ana awo, ndipo ndiwauziratu za Ogasiti kuti asadzadabwe.

Ine (Zomba), 17:03
Amayi mukafunsenso chaka chimene aliyense anamwalira, ndi chinthu chimodzi chimene banja likufuna chinenedwe. Mujambule mawu, kulemba kukuchedwetsani.

Amayi (Chikwawa), 17:15
Ndiye unditumizire bandulo. Ndipo wina andiyankhe za mbuzi yachiwiri, mwini wake akufuna chikole pofika Lachisanu.