Mwana wabadwa ndi mapazi opindikira mkati, tiyambire kuti?

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga wachira masabata awiri apitawa, mwana wamwamuna, koma mapazi onse awiri ndi opindikira mkati. Agogo ake akuti tizingomuthowa ndi madzi ofunda, akadzayamba kuyenda adzawongoka yekha. Anamwino anangoti tikaonane ndi a mafupa. Tili ku Mulanje. Kodi ndi mpaka ku Blantyre? Ndi opareshoni?

Wa za mafupa: Achemwali, musadikire kuti ayambe kuyenda. Kuthowa sikuwongola phazi lotere, ndipo akayamba kupondera m'mbali mwa phazi limaumiratu. Masabata awiri ndi msinkhu wabwino kwambiri chifukwa mafupa ake akadali anthete. Yambani pa chipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu, mufunse wa za mafupa (orthopaedic clinical officer) ndi tsiku la kiliniki ya clubfoot, dzina lachingerezi la mapazi opindika otere. Tengani buku lakuchipatala la mwanayo.

Njira yake ndi ya Ponseti. Amaliwongola phazilo pang'ono ndi manja, kenako n'kuika chikhakha kuchokera kuzala mpaka kumtunda kwa ntchafu, bondo litapindidwa. Ambiri amadabwa kuti vuto lili kuphazi, bwanji chikhakha chikufika kuntchafu. Chikakhala chachifupi chimavuka ngati sokosi ndipo sichigwira phazi kuti lisatembenukirenso mkati. Amasintha sabata iliyonse, kawirikawiri zikhakha 5 mpaka 8. Phazi likatembenukira kunja mokwanira, ana ambiri amatsala ndi chidendene chokwera m'mwamba chifukwa mtsempha wa kumbuyo kwake ndi waufupi. Amaudula ndi kampeni kakang'ono atabaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, si opareshoni yogoneka mwana kuwodi masiku ambiri. Chikhakha chomaliza chimakhala masabata 3, mtsemphawo umalumikizananso uli wautali.

Namwino wa ana: Ndiwonjezere za kunyumba, poti ndi komwe zinthu zimalakwika. Zala zonse zisanu zizioneka kunsonga kwa chikhakha. Dinizani chala, chiyere, mukasiya chibwerere mwakale pasanathe masekondi awiri. Muzitero kangapo pa tsiku, makamaka tsiku loyamba. Zala zikatupa, zikazizira, zikada kapena kuyera mbee, kapena mwana akulira osatonthola ngakhale pabere, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale usiku. Zala zikayamba kulowa mkati ndiye kuti chikhakha chaterereka, chichotsedwe tsiku lomwelo chisanamutupule zilonda. Musamuviike m'beseni, muzingomupukuta ndi kansalu konyowa. Thewera lizikhala kumtunda kwa mlomo wa chikhakha, osauphimba, kuti mkodzo usalowe, chikanyowa chimafewa n'kuyamba kununkha.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga zikhakha zikatha ndiye kuti basi wachira?

Wa za mafupa: Ayi ndithu, ndipo apa ndikupemphani muwauze bwino makolo ake ndi agogo omwe. Zikhakha zimawongola phazi, koma chimene chimaligwira kuti lisabwerere ndi nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi chitsulo. Amavala maola 23 pa tsiku kwa miyezi 3, ola limodzi ndi losamba. Kenako usiku ndi pogona masana mpaka atakwana zaka 4 kapena 5. Ana ambiri amene mapazi awo amapindikanso ndi omwe anasiyitsidwa nsapatozi msanga makolo ataona kuti phazi lili bwino.

Masiku awiri kapena atatu oyamba adzalira, chifukwa sanazolowere kuti miyendo iziyendera limodzi. Mukamuvula nthawi iliyonse akalira, amaphunzira kuti kulira kumavulitsa nsapato. Povala, muyambe ndi sokosi yosakwinyika, chidendene chifike pansi penipeni, ndiye mumange zingwe. Chidendene chikalendewera mkati chimachita matuza. Zala zikatulukira kutsogolo nsapato zachepa, mukasinthitse, musangozisiya.

Wa mafizo: Pa funso la Blantyre lija. Ku chipatala cha Beit CURE, pafupi ndi Queens, kuli madokotala a mafupa a ana, chipatalacho chinatsegulidwa mu 2002. Kumeneko n'koyenera phazi louma kwambiri lomwe silikusintha ndi zikhakha, lomwe labwerera, kapena mwana wamkulu amene wayamba kale kuyendera m'mbali mwa phazi. Ena oterewa amawasamutsira mtsempha wa pamwamba pa phazi kuti uzikokera chapakati. Koma khanda la masabata awiri lisataye sabata ina kufunafuna thiransipoti ya ku Blantyre, pomwe ulendowu ndi wa sabata iliyonse. Yambirani pafupi, akaona kuti n'zovuta akulemberani kalata okha.

Chinanso, apempheni achipatala amuone mwanayo kumsana ndi m'chiuno. Ngati pali chotupa kapena kabowo kumunsi kwa msana, kapena miyendo sakuiponya bwino, mapaziwo atha kukhala chizindikiro cha vuto la msana, ndipo pamafunikanso madokotala a ubongo ndi msana, omwe ku Queens alipo.

Wofunsa: Nanga kumubereka kumbuyo ndi zikhakhazo zitheka?

Namwino wa ana: Zitheka chikhakha chikauma bwino, chipatseni tsiku lathunthu kapena awiri. Chitenje chisafinye zala, ndipo zizikhala poti mungathe kuziona. Katemera ndi sikelo apitirize monga mwa nthawi zonse, a sikelo muwauze kuti wavala zikhakha asamulembe kuti wanenepa.