Ma peak otalikirana ndi 44 andidyera masampulo, thandizeni

Nabanda:
Akuluakulu, mutu waima. Masampulo 24 amene anzathu akumudzi anatitumizira pa dry ice ndawagaya (kudula mapuloteni kukhala tizidutswa totchedwa ma peptide) monga mwa nthawi zonse: DTT, iodoacetamide, ammonium bicarbonate 50 mM, trypsin 1:50 usiku wonse pa 37 °C, kenako C18 StageTip yotsukira ma peptide. Dzulo ndaika anayi oyamba pa Orbitrap (makina athu a mass spectrometry, oyeza kulemera kwa mamolekyu), gradient ya mphindi 90. Chatuluka ndi chipeso. Chakumapeto kwa gradient ma peak angoti ndondondo motalikirana ndi 44 pa kulemera kwake (m/z), ataliatali, ma peptide onse aphimbika. Mapuloteni sakukwana ndi 300 omwe. Sampulo ya HeLa yoyesera makina m'mawa wake inali bwinobwino, blank (yopanda sampulo) inalinso yoyera. Pano blank nayo yada, ndipo woyang'anira makina sakundiyankhanso moni. Lachisanu bwana akufuna zotsatira. Ndichotse bwanji zimenezi?

A Mbewe:
Ndi sopo ameneyo. Wina watsuka mabotolo anu ndi sopo wa mbale. Ine zinandionekera ndikungoyamba ntchito. Mayi wotsuka mulabu, munthu wakhama kwabasi, anaona botolo la mobile phase (madzi oyendetsa sampulo mu column) lili phwii pa sinki, analichapa mpaka kuwala. Tinatha masabata atatu tikusintha column, tikumasula source, tikunamizira acetonitrile. Tayani mabotolowo, thirani zosungunulira zatsopano.

Nangozo:
Achemwali, choyamba lekani kubaya masampulo m'makina. Otsala 20 aja asayandikire makinawo. Chachiwiri, musangoti 44, tipatseni manambala enieni. PEG (polyethylene glycol, wa tizigawo tobwerezabwereza tolemera 44) wamba amaoneka pa 415.25, 459.28, 503.31, kapena ndi ammonium pa 432.28, 476.31, 520.33. Anu ali pati?

Nabanda:
576.41, 620.44, 664.46, kumangopita choncho. A Mbewe, mabotolo athu sakhudza sopo, ndipo HeLa inadutsa m'madzi omwewo osavuta.

Nangozo:
Basi wagwidwa. Ameneyo si PEG wamba, ali ndi mutu wa octylphenol, 206 kuphatikiza ma 44 ake ndi ammonium. Ndi Triton X-100 kapena IGEPAL CA-630, ma detergent awiriwa amaoneka chimodzimodzi pa makina. N'chifukwa chake akutuluka mochedwa, amakakamira pa C18 kuposa ma peptide ambiri. Ndiye StageTip yanu sinamuchotse, yamuunjika pamodzi n'kukupatsani bwinobwino. Afunseni akumudziwo kuti maselo anawaswa ndi chiyani. Ndikubetcha mbuzi kuti ndi RIPA, buffer yoswera maselo yokhala ndi detergent.

A Mbewe:
Sopo nayenso ali ndi ma ethoxylate. Blank yanuyo inadutsa m'matiyubu ndi m'mabotolo onse amene masampulo anadutsamo? Ngati ayi, siikutiuza kanthu.

Jere:
Apo a Mbewe anena zoona, blank yongotunga m'botolo la mobile phase ndi yodzinamiza nayo. Koma manambalawo ndi a Triton, madala, tisakanirire. Ine ndingochenjeza za column. Trap column ija muiwale, ndi maliro. Yaikuluyo yesani kuitsuka ndi acetonitrile yambiri ndi isopropanol, koma muichotse kaye kutsogolo kwa source, apo ayi nyansi zonsezo mukuzilowetsa m'makina. Capillary itsukidwenso. Kwathu kuno wophunzira wina anabaya masampulo a IP (immunoprecipitation) amene anatsukidwa ndi detergent wina, Tween, tinakhala mwezi wathunthu tikumuona Tween m'masampulo a aliyense. Mpaka lero anthu amamutchula dzina lomwelo.

Nabanda:
Ayankha. RIPA, yokhala ndi Triton 1%, deoxycholate ndi SDS pang'ono. Akuti ndi imene amagwiritsa ntchito pa western blot ndiye anaona ngati palibe vuto. Pa fomu analemba kuti lysis buffer basi, inenso sindinafunse, cholakwa changa. Ku firiji ya -80 kwatsala pafupifupi theka la sampulo iliyonse losagayidwa. Enanso sangapezeke, ndi a odwala, anatenga chaka kutolera.

Nangozo:
Theka limenelo ndi mbewu, musadye. Musaligwire mpaka njira yanu mutaiyesa pa chinthu chosalira nacho. Sungunulani BSA, puloteni wamba wogula, mu RIPA yomweyo, muyeserepo. Detergent amachoka mosavuta mapuloteni asanagayidwe. Ine ndimakonda SP3: timikanda togwidwa ndi maginito, ethanol 50% kuti mapuloteni amatirire, kutsuka katatu ndi ethanol 80%, kugayira pa mikanda pomwepo. Koma samalani, mukamatsuka musaipope ndi pipette mwamphamvu, imamatirira ku tip, sampulo n'kupita nayo kudzala. Musaiumitsenso kwambiri. Ndipo maginito akhale amphamvu, mkanda umodzi ukalowa mu nano column ya 75 µm mudzaona pressure ikukwera ngati mtengo wa chimanga mu February.

Jere:
Ngati mikanda mulibe, acetone yozizira, magawo anayi pa gawo limodzi la sampulo, usiku wonse pa -20. Koma ili ndi mavuto ake. Pellet ikauma mopyola siisungunukanso, mumangoithamangitsa mutiyubu. Ikapanda kuuma bwino, acetone yotsalayo imawonjezera 40 pa ma peptide amene ali ndi glycine pamalo achiwiri. Mukaisungunula mu urea 8 M musaitenthetse, mudzadzaza carbamylation ya 43 paliponse, ndipo muichepetse mpaka pansi pa 2 M trypsin asanalowe. FASP, njira yotsukira pa sefa, pa Triton sindiikhulupirira, ma micelle ake ndi aakulu, sefa imawasunga.

A Mbewe:
Chitani zonsezo, koma mukadzasakaniza ethanol wanu m'botolo lotsukidwa ndi sopo mudzabweranso pano. Matiyubu ndi ma tip opita ku autoclave nawonso ayi. Mafuta odzola m'manja ayi. Ine zaka zonsezi ndaona anthu akugula ma kit odula pamene mfiti ili pa sinki.

Nabanda:
Ndamva a Mbewe, mabotolo ndiwaonanso. Nanga ogayidwa kale 20 aja? Ndiwataye?

Nangozo:
Musataye. SCX, njira yogwira zinthu za chaji ya positive, ingawapulumutse, chifukwa pa pH yotsika ma peptide ali ndi chaji ndipo amagwira, pamene Triton alibe, amangodutsa. Mutsuke ndi acetonitrile yambiri musanawatsitse. Mudzataya ena ndithu, makamaka ngati mwayamba ndi ochepa, ndipo musadzayerekeze kuchuluka kwa mapuloteni pakati pa odutsa SCX ndi odutsa SP3. Ndi magulu awiri osiyana amenewo. Woyamba kubwerera pa makina akhale wochepetsedwa kwambiri, pa column yakale, blank pambuyo pake. Lachisanu muwauze bwana zoona zake basi.

A Phiri:
Ndafika mochedwa. Chondiseketsa n'chakuti John Fenn mwiniwake, cha m'ma 1988 ku Yale, ankapopera PEG mwadala pofuna kuonetsa kuti electrospray, njira yopopera sampulo m'makinawa, imapatsa molekyu imodzi machaji ambiri. Zinthuzi zimauluka mokondwa, n'chifukwa chake zimalanda malo a ma peptide athu. Iye anakalandira nazo Nobel mu 2002 limodzi ndi Koichi Tanaka, ife tikulira nazo. Nthawi yathu ya makina a MALDI mdani anali keratin, puloteni wa khungu, tsitsi ndi ubweya. Ndinadulapo ma band a gel tsiku lonse nditavala juzi yaubweya, zotsatira zinabwera za nkhosa zokhazokha, kuphatikizapo 842.51 ndi 2211.10 za trypsin wodzidya yekha.

Jere:
Haha a Phiri, nkhosa inapezeka ndi coverage yabwino? Koma nkhani ya mafomu ija ndi yeniyeni. Ife tinaleka kulandira sampulo popanda mndandanda wa zonse zimene zili mu buffer, ndi siginecha ya mwini wake. Anthu amakwiya, amati tikudzimva.

A Mbewe:
Pa fomupo muonjezere funso loti mabotolo amatsuka ndani.

A Phiri:
Pakuti tili pomwepa, alipo amene makina ake anazimapo mwadzidzidzi magetsi atathawa? UPS yathu (batire losungira magetsi) yatopa, ndipo vacuum ikutenga masiku awiri kuti ibwerere ngakhale titachita bakeout. Ndikuopa turbo pump.