Scarlett 4i4 yakaunjika: ndigule kapena ndikhalebe ndi mikisa yanga?

Wa kiyibodi, Chitakale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Munthu wina ku Limbe akugulitsa Focusrite Scarlett 4i4, 3rd Gen, kabokosi kolowetsera mawu mu kompyuta, koti kagwirako ntchito. Panopa ndimajambula kwaya yathu ndi kamikisa, n'kulowetsa mawu mu laputopu ndi kachingwe. Ndikufuna nyimbo zomveka bwino komanso kuulutsa mapemphero pa Facebook. Chondiopsa ndi pulogalamu yake, Focusrite Control. Nditaiona kwa mnzanga mutu unazungulira.

Wojambula nyimbo, Luchenza: Gulani achimwene, pulogalamuyo imangooneka yoopsa. Mawu amachokera mbali ziwiri: ena akulowa m'bokosimo kuchokera ku maiki ndi kiyibodi, ena akubwerera kuchokera mu kompyuta, monga biti ya mu FL Studio kapena Cubase, mapulogalamu ojambulira nyimbo. Ndiye pali potulukira: masipika pa 1-2, china pa 3-4, ndipo mahedifoni amamva zomwe zili pa 3-4 pomwepo. Zili ngati mipope yathu ya madzi ochokera m'phiri: gwero ndi limodzimodzi, koma inu ndi amene mumasankha mudzi woutsegulira. Muziyamba kudina potulukira, kenako muzifunsa kuti kuno kupite chiyani. Ambiri amayambira ku maiki, n'chifukwa chake amasochera.

Madala a zokuzira mawu, Thyolo Boma: Mwana wanga, ndalama usataye. Kabokosi kameneko kali ndi polowetsa maiki pawiri pokha. Kwaya ya anthu onse aja uiika pati? Mikisa umaigwira ndi manja, maiki ikalira umatsitsa pompo. Abusa ali pakati pa ulaliki iwe uzifunafuna mausi?

Wojambula nyimbo, Luchenza: Madala, zoona maiki ndi awiri, koma kumbuyo kuli polowetsa pena pawiri, 3 ndi 4. Mikisa asaitaye. Maiki a kwaya alowe mu mikisa, Main Out ya mikisa ilowe pa 3-4, kutsogoloko akhale wotsogolera nyimbo ndi wolalika. Komanso 4i4 ya 3rd Gen imadya moto wa USB. Magetsi akathima, wojambula munthu mmodzi amapitiriza ndi batire ya laputopu.

Madala a zokuzira mawu, Thyolo Boma: Ndiye kuti mikisa ikufunikabe. Mwandivomereza.

Woyimba, Bvumbwe: Ine ndilankhule ngati woyimba. Chimene chimatipweteka ku masitudiyo ena ndi kudzimva kawiri m'mahedifoni, liwu lina likubwera mochedwa pang'ono. Umalephera kugwira biti, wojambula n'kumati vuto ndi iweyo. Ngati bokosili likuthetsa zimenezo, gulani mawa lomwe.

Wojambula nyimbo, Luchenza: Achemwali mwagunda pomwepo. Zimachitika wojambula akatsegula njira ziwiri nthawi imodzi. Liwu limodzi likuchoka pa maiki kupita m'makutu mwachindunji, lina likuzungulira kaye mu kompyuta. Buffer, kachigawo ka mawu kamene kompyuta imayamba yasonkhanitsa isanawagwiritse ntchito, ikakhala pa 1024 pa 48 kHz, ulendo wolowa wokha ndi mamilisekondi 21, kutuluka enanso otero. Pa 256 ndi 5 okha, koma laputopu yofooka imayamba kuthetheka. Mankhwala ake: mu Focusrite Control tumizani maiki molunjika ku mahedifoni, mu Cubase tsekani monitor ya tchanelo chimenecho. Woyimba akati mundikwezere liwu langa, mumakweza kwa iye yekha, zojambulidwa sizisintha.

Mphunzitsi, Muloza: Bwanji osaona Behringer UMC404HD? Imalandira maiki anayi, ilibe pulogalamu ya mikisa yoti uphunzire, pali kabatani kozunguza ka Mix basi.

Wa kiyibodi, Chitakale: Aphunzitsi, imeneyo ili ndi loopback? Ndamva kuti pa Facebook imafunika.

Mphunzitsi, Muloza: Ayi ilibe.

Wojambula nyimbo, Luchenza: Apo ndiye pagona nkhani. Loopback imatenga mawu amene kompyuta ikuimba n'kuwabweza ngati akulowa pa maiki, ndiye OBS, pulogalamu youlutsira pa Facebook, imalandira biti pamodzi ndi oyimba popanda chingwe chozungulira. Koma chenjerani: mukatsegula Facebook pa laputopu yomweyo kuti muone ngati zikuyenda, mawu a kumeneko alowanso mu loopback, ulaliki uzidzibwereza mpaka anthu azimitse mafoni. Muzionera pa foni, ndi mahedifoni.

Madala a zokuzira mawu, Thyolo Boma: Mwaona? Chinthu choti ukalakwitsa kabatani kamodzi mpingo wonse uchita manyazi. Nanga tsiku limene iwe wadwala, aziyendetsa ndani?

Wa kiyibodi, Chitakale: Funso limenelo landigwira madala. Ndiyenera kuphunzitsa achinyamata awiri, ndi kulemba papepala kuti chingwe chiti chikupita kuti.

Woyimba, Bvumbwe: Chinanso, chakaunjika musagule ndi maso. Kuno kwathu chinyezi cha chiperoni chimadya zipangizo, sitidziwa kuti mwini wake amasunga bwanji.

Wojambula nyimbo, Luchenza: Eya. Tengani laputopu ndi maiki ya condenser, muyese 48V, moto umene maiki yotere imafuna, pa mabowo onse awiri, muzunguze gain mumve ngati ikukhwekhwereza, mugwedeze chingwe cha USB. Focusrite Control ndi yaulere pa webusaiti yawo, ikanitu musananyamuke. Mapulogalamu a mphatso amene amabwera ndi bokosi latsopano musawawerengere pa mtengo, nthawi zambiri woyamba kugula anawalembetsa kale.

Wa kiyibodi, Chitakale: Ndikwera minibasi Loweruka m'mawa. Condenser ndilibe, alipo angandibwereke?

Wojambula nyimbo, Luchenza: Dzerani pa Luchenza mutenge yanga, koma ibwere Loweruka lomwelo, Lamlungu ndili ndi kwaya ya amayi.

Madala a zokuzira mawu, Thyolo Boma: Ukatopa nako kabokosiko usagulitse mikisa, undiuze kaye ine.