Funso: Tikufuna kukwera phiri ndi achinyamata a mpingo, tiyambire pati?

Mlembi wa gulu la achinyamata, Chirimba:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni nzeru. Gulu lathu lili ndi anthu 40, a zaka 18 mpaka 30, koma ku maphunziro a Baibulo Loweruka kumabwera 12 okha. Komiti yaganiza zoyambitsa maulendo a kuphiri kuti aliyense aziitana mnzake amene sapemphera. Ena akuti tipite ku Mulanje basi. Kodi n'koyenera kuyambirako? Nanga Mawu tiwagawe bwanji kuti usangokhala ulendo wa zithunzi?

Wokwera mapiri, Chilomoni:
Achimwene, Mulanje muuleke kaye. Yambani ndi Michiru: ndi pakhomo pompano, ndipo pamwamba pake ndi mamita pafupifupi 1,470. Mukalowera mbali ya nkhalango yotetezedwa, fikani kaye ku ofesi, lipirani ya pakhomo, mupemphenso wokutsogolerani. Mbali ya Chilomoni kuli Njira ya Mtanda, ndiye mukadzera kumeneko chepetsani phokoso chifukwa mupeza anthu akupemphera.

Yambani kukwera 6 koloko m'mawa kuti dzuwa likafika paliwombo mukhale mutatsika. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, kungoti tengani majuzi chifukwa chiperoni chimabwera ndi chifunga mosayembekezeka. Nthawi ya dzinja musayerekeze, makamaka ku Soche komwe namondwe wa Freddy anagumula nthaka ndi miyala mu Malichi 2023.

Chimene chimasokoneza maulendo ambiri ndi ichi: anyamata amphamvu amathamangira kutsogolo, mzere umaduka, ndipo otsalira akafika pamphambano amalowa njira ina. Gawani anthu m'magulu a 8 kapena 10. Gulu lililonse likhale ndi wotsogolera ndi wotsekera kumbuyo, woyenda pang'onopang'ono akhale wachiwiri pamzere, wina asamupitirire. Werenganani ponyamuka, pamwamba, ndi musanakwere galimoto yobwerera. Samalaninso chitedze m'tchire louma. Chikamugwira munthu asakande, matani selotepi pakhungu n'kumatula kuti ubweya wake uchoke, kenako musambitse.

Namwino, Ndirande:
Aliyense anyamule malita 2 a madzi ndi kamba wake: nthochi, mtedza, mbatata yophika. Mapaketi a Thanzi ORS asasowe. Akatha, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Funsani aliyense payekha, osati pagulu, ngati ali ndi mphumu, khunyu, shuga kapena BP, ndipo mankhwala ake akhale m'thumba mwake. Nsapato zikhale zozolowera phazi. Zatsopano zimatulutsa matuza, masilipasi amaterera, ndipo ambiri amabinya phazi potsika chifukwa miyendo imakhala yatopa. Bandeji ndi pulasitala zikhale ndi wotsekera kumbuyo. Wina akalumidwa ndi njoka musatemere kapena kumanga zolimba: asayende yekha, munyamuleni mpaka pagalimoto, thamangirani ku Queens.

Chonde tsiku limeneli lisakhale la kusala kudya. Kupemphera kuphiri mosala ndi pologalamu ina, iyi ndi ina. Munthu wa njala padzuwa amachita chizungulire n'kugwera pamiyala.

Mlangizi wa achinyamata, Zingwangwa:
Ana anga, pa za Mawu ndiye pamene pagona nkhani. Munthu wotopa ndi wanjala samva ulaliki wa ola lathunthu. Mukafika pamwamba apumule, adye, kenako mmodzi awerenge ndime yaifupi, kaya Salimo 121 kapena Marko 6:30-32, alankhule mphindi 10 basi. Zikatero anthu abwerere m'magulu omwe anakwera nawo aja, chifukwa amene anakugwira dzanja pamwala woterera sumuchitiranso manyazi. Apatseni mafunso awiri okhudza moyo wawo weniweni: ulova, lendi, ngongole za katapila, chibwenzi, mowa. Wotsogolera azimvetsera kwambiri kusiyana n'kuyankha. Zimkuzamawu zisiyeni kutchalitchi.

Mlendo muuzeni poyera pomuitana kuti kukakhala pemphero ndi Mawu. Akadzidzimuka nazo pamwamba amamva ngati mwamutchera msampha, ndipo sabweranso. Musamuloze kuti apemphere kapena aimirire. Musanatsike lengezani tsiku lokumananso, lisapitirire masabata awiri, kaya ndi mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye ku Njamba. Amene anamuitana ndiye amuimbire foni mkati mwa sabata, osati komiti. Pakhalenso alangizi awiri, bambo ndi mayi.

Msungichuma wa mpingo wina, Bangwe:
Mulanje ukhale ulendo wachitatu kapena wachinayi. Ku Likhubula kuli malo ogona a sinodi ya Blantyre ya CCAP, ndipo kuchokera pamenepo mutha kuyenda ndi wokutsogolerani kukafika pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerera tsiku lomwelo. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndiponso akuya, wosadziwa kusambira asalowemo. Sapitwa, mamita 3,002, ndi ulendo wogonera, si wa gulu longoyamba. Anthu 40 sakwana mu kositala imodzi. Ndalama zitseke sabata imodzi ulendo usanafike, pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo galimoto muibwereke potengera amene alipira, osati amene alonjeza. Mamembala aonjezere kangachepe kolipirira alendo.

Mlembi wa gulu la achinyamata, Chirimba:
Zikomo kwambiri nonse, tiyamba ndi Michiru. Koma amayi, nkhani ya mathalauza kwa atsikana akulu ampingo ena sakuimvetsa. Titani?

Mlangizi wa achinyamata, Zingwangwa:
Mwanawe, ipite kwa abusa ndi akulu ampingo musanalengeze tsiku. Afotokozereni kuti siketi yaitali imakola m'zitsamba ndipo imapinga mwendo potsika. Atsikana avale thalauza lotakasuka, amange chitenje pamwamba pochoka kutchalitchi ndi pa nthawi ya pemphero, pokwera achipinde chifike m'mawondo. Mkulu wampingo mmodzi mumutenge pa ulendo woyambawo.