Thandizo chonde: pepala la kampeni la ku Indiana landikanika kumasulira

Nachisale: Mwaswera bwanji akuluakulu pa gulu pano. Ndabwera ndi vuto la ntchito ndipo nthawi yandithera, akulifuna Lachisanu. Ndapatsidwa pepala la kampeni la munthu wina amene akupikisana nawo pa mpando wa Indiana House of Representatives, dera lake ndi mbali ya kuno ku St. Joseph County, nde anthu ake anamva kuti ku South Bend kuli aMalawi ambiri akufuna likhalenso m'Chichewa azikagawa pa zochitika zathu. Ndi masamba awiri okha, nkhani yake ndi bizinesi, misonkho ndi malipiro. Za chipatala ndi za kusukulu ndimamasulira bwinobwino koma izi zandizunguza mutu. Udindo wake weniweniwo ndalemba kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo, bambo a kunyumba atawerenga andifunsa kuti ndiye akapambana azikakhala ku Washington? Kenako pali poti adzateteza right to work, ndalemba ufulu wogwira ntchito koma mtima wanga sukuvomera. Palinso zoti achepetsa red tape ndi paperwork kwa mabizinesi ang'onoang'ono ndi china akuti business personal property tax. Amene munagwirapo zoterezi ndiunikireni.

Ankolo a ku Elkhart: Achemwali mtima wanuwo ukunena zoona, ufulu wogwira ntchito fufutani pompano. Mwana wa sukulu amene ali pa visa akawerenga zimenezo aganiza kuti munthuyu akulonjeza ma work permit, pomwe nkhaniyo sikukhudzana ndi zimenezo olo pang'ono. Ndi lamulo la ma yuniyoni, mabungwe a anthu apantchito aja. Analisainira ndi a Mitch Daniels mu 2012 ali gavanala. Chimene limanena nchakuti ngakhale pa kampani pali yuniyoni yomwe imakambirana malipiro m'malo mwa onse, palibe angakukakamizeni kusonkha ndalama ku yuniyoniyo kuti ntchito yanu isathe. Basi ndi pomwepo. Olikonda amati limakopa makampani kuti adzatsegule mafakitale kuno komanso munthu ndalama yake azisankha yekha kopita nayo, a mayuniyoni amati ndi njira yowafoola chifukwa anthu amakolola posalima, kontrakiti yabwino akudyerera nawo koma osasonkha, mapeto ake bungwe limauma. Dzinalo analipatsa ndi olikondawo, nchifukwa chake limamveka lokoma chonchi. Ku Michigan kuseri kwa malire kuno analinso nalo kuyambira 2012 koma analichotsa mu 2023, ndiye munthu amene amakhala ku Niles, ku Michigan komweko, nkumagwira ku South Bend ali pakati pa malamulo awiri osiyana.

Nachisale: Eee zikomo ankolo, ndikanawasocheretsa anthu. Nde ndilembe bwanji poti malo ndi ochepa, kamzere kamodzi kokha?

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndilowe nawo ngakhale ndili kumudzi kuno. Ine ndiyambe ndi la phungu lija. Vuto lathu ndi liwu loti state, lomwe ku America amatchulira madera ngati Indiana. Mukati boma la Indiana munthu wa kwathu amva ngati boma la Ntcheu kapena la Dedza, kwa a DC. Mukati chigawo amva chigawo chapakati kapena chakumwera, komwe kulibe nyumba ya malamulo yakeyake. Mukati dziko ndiye mwasokoneza ndi America yense. Ine ndikanapewa kulimasulira liwulo, ndikanangolemba kuti akufuna kukhala phungu ku Nyumba ya Malamulo ya Indiana yomwe imakumana ku Indianapolis. Dzina la mzinda likalowa funso la Washington lija latha lokha. Koma ndifunse inu muli komweko, munthuyu mphamvu zake nzofanana ndi za khansala kapena zimaposa?

Ankolo a ku Elkhart: Zimaposa kutali aphunzitsi. Ndi aphungu enieni, alipo 100 ndipo amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse, pamwamba pake pali Senate ya Indiana ya anthu 50 omwe amakhala zaka zinayi. Amapanga malamulo, amadutsitsa bajeti ya zaka ziwiri, ndipo misonkho yambiri yomwe imatiluma tsiku ndi tsiku imachokera kwa iwowa osati ku Washington. Ka 7% kamene timaonjezera pa kauntala tikamagula nsapato kapena foni ndi kawo. Msonkho wa pa malipiro wa Indiana nawonso ndi wawo, aliyense amadulidwa mofanana kaya ndi dokotala kaya ndi wokolopa, mu 2025 unali 3%, kenako county imadulanso yake pamwamba. Ndiye phungu ndi liwu loyenera, bola Indianapolis ilowemo monga mwanenera.

Asisi a ku Niles: Ndangotuluka ku shifiti ya usiku ndiye ndiyankhe ndisanagone. Asisi Nachisale pa paperwork paja chonde chonde musalembe mapepala. Mukudziwa nokha kuti kuno mMalawi akati mapepala akunena chinthu chimodzi chokha. Mukalemba kuti adzachepetsa mavuto a mapepala mawa lomwe foni yanu siipuma, anthu azikufunsani kuti bwanayo tikamupeza kuti. Ndipo phungu wa Indiana za green card ndi ma visa alibe nazo mphamvu, zimenezo ndi za boma la federal, la ku Washington. Ine ndikanati kuchepetsa mafomu ndi chidodo cha m'maofesi polembetsa bizinesi. Red tape ija musavutike ndi kufiirako, ndi zija timazidziwa tonse, pita ofesi iyi akutumiza ofesi ina, ukafika akuti siginecha ya wina yasowa ubwerenso. Aliyense amva.

Ngati pepalalo likukambanso za ma laisensi a ntchito pamenepo muonjezere liwu, chiphaso chogwirira ntchito ya luso, apo ayi amva laisensi ya galimoto. Chitsanzo chomwe azimayi athu amachidziwa ndi cha oluka tsitsi, kale ku Indiana umafunika laisensi ya cosmetology kuti uluke tsitsi movomerezeka, sukulu ya miyezi yambirimbiri yophunzira mankhwala a tsitsi omwe woluka sawagwira nkomwe, mpaka 2017 pamene analichotsa lamulolo kwa oluka. Zoterozo ndi zomwe amatanthauza.

Nachisale: Inde lilipo la ma laisensi, ndinalemba ziphaso basi. Ndakonza. Nanga personal property ija? Ine ndinalemba msonkho wa katundu wa munthu mwini koma ndikawerenga zikumveka ngati akubwera kudzawerenga masofa ndi TV.

Achimwene a ma tax: Ndi pomwe ambiri amagwera. Ine ndimathandiza anthu kulemba ma tax nyengo yake ikafika nde izi ndimakumana nazo. Si katundu wa m'nyumba, ndi zipangizo zomwe bizinesi imagwiritsa ntchito, makina, ma kompyuta, mipando ya mu saluni, mafiriji a mu shopu, zinthu zoti mutha kuzinyamula kusiyana ndi nyumba ndi malo. Lembani msonkho wa zipangizo za bizinesi. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri salipira kale chifukwa pali malire, zipangizo zako zikapanda kufika mtengo umenewo wakhululukidwa, ndipo lamulo la misonkho ya malo lomwe gavanala Mike Braun anasainira mu Epulo 2025 linakwezanso malirewo. Ndiye mayi wa saluni ya mipando itatu lonjezo limenelo silimusintha kwenikweni, opindula kwambiri ndi a mafakitale a makina odula. Mkangano wake umakhala woti ndalama imeneyo imapita ku ma county, mizinda ndi masukulu, ikachepa iwowo ndi amene amalira.

Wina ndi property tax wamba, uwo ndi msonkho wa nyumba ndi malo, musawaphatikize. Ku Indiana uli ndi denga lake, 1% ya mtengo wa nyumba yomwe ukukhalamo mwini, 2% ya nyumba ya lendi ndi minda, 3% ya malo a bizinesi, anthu anavotera mu 2010 kuti zilowe mu malamulo aakulu a Indiana. Kwa a kumudzi mungafanizire ndi ma city rate koma pa pepalapo musatero, ingolembani msonkho wa nyumba ndi malo.

Ankolo a ku Elkhart: Achemwali nanga pa malipiro akuti chani munthuyu?

Nachisale: Akuti let the market set wages. Ndinayamba ndalemba msika uzikhazikitsa malipiro koma ndaona kuti anthu aona tomato ndi kaunjika. Pano ndalemba kuti malipiro azigwirizana okha olemba ntchito ndi olembedwa, boma lisalowererepo.

Ankolo a ku Elkhart: Mwamasulira bwino koma ine pamenepo pakundiwawa. Kunena kwina akuti sakufuna kukweza malipiro otsikitsitsa, ndipo anthu athu akuyenera kudziwa kuti ku Indiana adakali $7.25 pa ola kuyambira 2009, pomwe Michigan inafika $12.48 mu Febuluwale 2025 ndipo ikukwerabe, Illinois ili pa $15. Mzinda ngati South Bend sungakweze pawokha chifukwa lamulo la Indiana limaletsa. Amene awerenge pepalali ndi anthu omwe amasamala nkhalamba usiku onse, ena ntchito ziwiri, miyendo kutupa. Bwanji osaikapo kamzere pansi kofotokoza zimenezi? Ndi abale athu awa, sitingawapatse shuga yekha.

Aphunzitsi a ku Zomba: Pamenepo ankolo ndikukanizani mwaulemu. Zomwe mwanenazo nzoona koma pepalalo si lathu. Wamasulira ndi mlomo wa mwini mawu, ukayamba kuthiramo zako lero, mawa wa chipani china akubweretsera lake uthiramonso, ndiye ndani adzatikhulupirire? Pali kusiyana pakati pa kumveketsa ndi kutsutsa. Kufotokoza kuti right to work ndi nkhani ya kusonkha ku yuniyoni ndi kumveketsa, chifukwa mzungu wa ku Indiana akawerenga amadziwa kale zimenezo ndipo mMalawi akuyenera kudziwa zofanana. Koma kuika mitengo ya Michigan ndi kuyankha munthu pa pepala lake lomwe. Zimenezo lembani nokha m'dzina lanu mugawe pa gulu la aMalawi, palibe angakuletseni.

Achimwene a ma tax: Komanso ankolo tinene chilungamo, ntchito zambiri kuno zimalipira kale kupitirira $7.25, mafakitale ndi ma nursing home sangapeze munthu pa mtengo umenewo, ndipo mfundo ya munthuyu yagona pomwepo. Alipo aMalawi omwe ali ndi timakampani tawo tosamala odwala kunyumba kapena malole, amenewo pepalali awerenga ndi maso ena. Asiyeni aliyense aziweruzire.

Ankolo a ku Elkhart: Ndamva. Sindinasinthe maganizo pa malipirowo koma pa ntchito yathu aphunzitsi akhoza. Ndilemba zanga padera. Pa mzere uja achemwali yesani chonchi: Ndidzateteza lamulo la right to work, loti wantchito asakakamizidwe kusonkha ndalama ku yuniyoni. Dzina lachingerezilo lisiyeni momwemo kuti akalimva pa TV alizindikire.

Asisi a ku Niles: Tulo tandithawa chifukwa ndakumbuka chinthu chachikulu kuposa zonsezi. Kumapeto kwa pepalalo kuli zoti anthu akavote eti? Mwalemba bwanji?

Nachisale: Tiyeni tonse tikavote mu Novembala.

Asisi a ku Niles: Ayi asisi, tonse ameneyo achoke. Ovota ndi nzika za America zokha, wa green card saloledwa, wa visa saloledwa. Munthu amene si nzika akangolembetsa kapena kuvota ndi mlandu, ukhoza kumuonongera mwayi wa unzika mpaka kuthamangitsidwa m'dziko muno. Pa Chingerezi iwo sakuganizako chifukwa akulembera ovota awo, koma pepala la Chichewa likalowa m'manja mwa anthu osiyanasiyana, ena afika chaka chatha chomwechi, ena ndi agogo anabwera kudzalera zidzukulu, akaona chilankhulo chawo aganiza kuti akuitanidwa iwowo. Ine ndinaperekezapo mayi wina kwa loya pa nkhani yofanana ndi imeneyi, anasaina fomu osamvetsa, ndinaona mmene manja ake amanjenjemerera atagwira ka envelopu kake ka bulauni mu ofesi muja, sindifuna kuzionanso. Ngati palinso popempha ndalama za kampeni chimodzimodzi, ololedwa kupereka ndi nzika ndi a green card basi.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ichi ndiye choonjezera chomwe ndingachivomere ndi manja awiri, chifukwa sichikutsutsa mwini pepala, chikuteteza owerenga ndi iye yemwe. Koma musachiike mwakachetechete, alembereni imelo muwauze chifukwa chake avomere okha. Muwatumizirenso Chichewa chanucho mutachibwezera m'Chingerezi liwu ndi liwu kuti aone chomwe akusainira.

Achimwene a ma tax: Ndipo kamzere ka pansi koti Paid for by kaja, konena amene walipirira pepalalo, musakachotse olo malo achepe, lamulo limafuna kakhalepo. Kasiyeni m'Chingerezi, Chichewa chake muike pambali.

Nachisale: Ndabweranso akuluakulu. Ndinawalembera dzulo madzulo ndipo ayankha mmawa uno. Za nzika zokha avomera msangamsanga mpaka athokoza, akuti sanaganizeko, aika m'bokosi lakelake pamwamba pa tsiku la chisankho pamodzi ndi zoti munthu atenge chiphaso chokhala ndi chithunzi ndiponso kuti malo ovotera amatsegula 6 koloko mmawa kutseka 6 koloko madzulo. Pa right to work anayamba akana, amafuna ufulu wogwira ntchito womwewo ati ukumveka bwino, nde ndinawafotokozera za ma work permit zija kuti anthu adzabwera ku ofesi kwawo ndi mapasipoti, pamenepo agonja, atenga mzere wa ankolo koma apempha kuti liwu loti ufulu lilowemo. Tagwirizana kuti likhale lamulo la right to work, lopatsa wantchito ufulu wosankha kusonkha kapena kusasonkha ku yuniyoni. Ine ndaona kuti tanthauzo silinapotoke. Chatsala ndi malo, Chichewa chatalika kuposa Chingerezi ndi mizere isanu ndi umodzi ndipo wokonza pepala akuti achepetsa zilembo, ine ndakana poti owerenga ena ndi achikulire. Aphunzitsi ngati muli ndi mpata usiku uno ndikutumizireni ku inbox mundithandize kudula mawu pa ndime ya misonkho.

Aphunzitsi a ku Zomba: Tumizani mayi, magetsi alipo lero. Kuno kukhala kutada kale ndiye ndiliona mmamawa, mukamadzuka mulipeza.